Zikomo a Tanabe, zikomo nonse amene munasenza ntchito ya a Takahata

Mwambo wotsanzikana ndi a Isao Takahata, wotsogolera makanema a makatuni wa ku Japan, unachitika pa 15 Meyi 2018 ku Ghibli Museum, ku Mitaka, ndipo mitima idakali yolemera. Khansa ya m'mapapo inawatenga pa 5 Epulo ali ndi zaka 82. Mzimu wawo uuse mumtendere. Tisanapukute misozi, tithokoze manja amene anawagwirira ntchito, pajatu mkuluyu sankajambula yekha zithunzi za makanema ake.

A Osamu Tanabe, zikomo kwambiri. Pa makatuni ambiri, wojambula wamkulu amakhwatcha ndi pensulo, kenako ena amabwereza mizereyo kuti ikhale yosalala, yofanana kunenepa, yotsekeka mbali zonse kuti utoto usatayikire kunja. Pa kanema wawo The Tale of the Princess Kaguya, nthano ya mtsikana wopezeka mu nsungwi, a Takahata anakana zimenezo. Ankafuna mzere uoneke momwe dzanja linausiyira, wodukaduka, pena wonenepa pena wowonda. Vuto lake n'lakuti mzere ukapanda kutsekeka, kompyuta siidziwa pomwe utoto uthere, ndiye pamafunikanso kujambula malire a utotowo papepala lina. Ojambula ena onse anayenera kutsata dzanja lanu, a Tanabe, pa kanema wa mphindi 137. Ntchito inatenga zaka pafupifupi 8, ndipo simunaitaye.

Zikomonso a Kazuo Oga chifukwa cha nsungwi ndi mapiri a utoto wamadzi, osiya m'mphepete mwa pepala muli moyera. A Shinji Hashimoto, pomwe Kaguya akuthawa paphwando, zovala zikugwa m'njira, mizere yanu ikuchita kulusa ngati yolembedwa ndi makala. A Yoshiaki Nishimura, oyendetsa ntchito yopanga kanemayu, munapirira kuchedwa konse, mpaka kanema amene anayenera kutuluka limodzi ndi The Wind Rises ya a Hayao Miyazaki anadzatuluka pa 23 Novembala 2013.

Ena kanemayu sanamuone. A Seiichiro Ujiie a ku Nippon TV, amene anaumirira kuti kanemayu apangidwe, anamwalira mu 2011. A Takeo Chii anajambulitsa mawu a mkulu wodula nsungwi amene analera Kaguya zithunzi zisanathe, monga a Takahata ankakondera, n'kutisiya mu 2012. Mulungu awasunge.

Kanemayu anadya pafupifupi mayeni 5 biliyoni, ndalama za ku Japan, koma m'nyumba zoonetsera ku Japan sanabweze ndalamazo. Inu amene munakhala kunyumba osakauonera nthawi imeneyo, lero mukulira kuposa anamfedwa. Takuonani.

A Takahata, mwana amene anapulumuka mabomba ku Okayama mu 1945 ali ndi zaka 9, n'kudzatipatsa Grave of the Fireflies mu 1988, anafunika munthu womva zimene zili m'mutu mwake n'kuziika papepala. A Tanabe, munatero pa My Neighbors the Yamadas mu 1999, munateronso pa Kaguya. Pomwe kamwana kaja, Kaguya, kakukwawa kutsatira achule, n'kuimirira kogwedezeka, tikuona dzanja lanu. Ambuye akupatseni mpumulo ndi maso olimba.