Zaka za m'nkhani ya Geralt sizikugwirizana

Anzanga amene timasewera nawo magemu a pakompyuta kuno ku Zomba, makamaka a ku Matawale ndi ku Chinamwali, akhala akutsutsana ngati magemu a The Witcher akupitirizadi nkhani ya m'mabuku a mlembi wa ku Poland, Andrzej Sapkowski. Ine ndikuti ayi, ngakhale kuti The Witcher 3 ya mu 2015 ndimaikonda kwambiri. Buku lotseka nkhani ya Geralt, mlenje wosaka zilombo zoopsa, ndi Ciri, mtsikana amene iye anamulera ngati mwana wake, linatuluka ku Poland mu 1999, ndipo kampani ya CD Projekt Red inatulutsa gemu yoyamba mu 2007, momwe Geralt akubwerera ataiwala zonse zakale. Mlembiyo ananena poyera kuti magemuwo sali mbali ya nkhani yake.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi zaka. Malinga ndi mabuku, nkhondo ya ku Brenna, ya chakumapeto kwa nkhondo yaikulu ya m'nkhaniyi, inamenyedwa mu 1268, koma gemu yoyamba imayambira mu 1270 n'kunena kuti papita zaka zisanu chithereni nkhondo yaikuluyo. Ena akuti poti ndi nkhani yopeka, masamu alibe ntchito, koma zaka zikasokonekera, msinkhu wa Ciri nawonso umasokonekera, ndipo sitidziwanso bwino kuti anali ndi zaka zingati pa nthawi imene gemu yachitatu ikumuonetsa.