Sabata yolumikiza makakyuleta 12 kuti azilandira uthenga pamodzi

Ntchito ya sabata ino inali ya sukulu ina ya sekondale yomwe ili ndi makakyuleta ojambula magirafu a TI-83 Plus ndi TI-84 Plus, onse pamodzi 12. Aphunzitsi a masamu anatopa ndi kukopera mapulogalamu ndi mindandanda ya manambala kakyuleta imodziimodzi. Zida zopangidwira ntchito imeneyi zinalipo, monga TI-Navigator yomwe bokosi lake limodzi linkanyamula makakyuleta anayi, koma sukulu inalibe ndalama zake.

Lolemba tinayeza mabowo olumikizira. Kabowo kake ndi ka 2.5 mm, ndipo pulagi yake ili ndi zigawo zitatu: kansonga, kamphete ka pakati ndi tsinde, lomwe ndi ground, waya wa 0 V womwe magetsi amabwererako. Mawaya awiri oyambawo akakhala phee amakhala ndi magetsi chifukwa cha ma resistor a mkati mwa kakyuleta, ndipo kuyankhula konse kumachitika pokokera waya ku ground n'kuwutayanso. TI-84 Plus CE ilibe kabowoka, ili ndi USB yokha, choncho siyilowa m'dongosololi.

Funso loyamba la aliyense ndi lakuti, bwanji osangolumikiza mawaya onse pamodzi? Lachiwiri tinawotcherera zingwe zitatu pamodzi kuti aphunzitsi aone okha, ndipo yotumizayo inangolemba Error in Xmit. Chifukwa chake chili m'kayankhulidwe ka makakyuletawa, omwe amatumiza uthenga ngati mndandanda wa ma 0 ndi ma 1, otchedwa ma bit. Potumiza 0, yotumiza imakoka waya wa kansonga. Yolandira imavomera pokoka wa kamphete. Ikaona kuvomerako yotumiza imataya wake, yolandira nayo n'kutaya. Potumiza 1 zimayambira ku kamphete. Palibe wotchi yoyendetsa zimenezi, aliyense amangodikira mnzake. Mukawonjezera yachitatu, yachangu imavomera msanga, yotumiza n'kuganiza kuti onse amva. Yochedwayo pomasuzumira imapeza mawaya onse awiri atakokeredwa ku ground, osadziwa kuti unayamba ndi uti, kaya inali 0 kaya 1. Bit imodzi ikasowa, phukusi lonse la uthengawo lawonongeka. Vuto limakulanso mukasakaniza mitundu, pakuti purosesa ya Z80 ya mu TI-83 Plus imathamanga pa 6 MHz pomwe ya TI-84 Plus imafika 15 MHz.

Njira yoyika makakyuleta ambiri pa mawaya awiri omwewo ilipo. CALCnet 2.2, yomwe Christopher Mitchell wa Cemetech anatulutsa mu 2010, imasandutsa waya wina kukhala wotchi, wina wa uthenga, ndipo kakyuleta iliyonse imakhala ndi adiresi ya ma byte 5 (byte imodzi ndi ma bit 8). Ndi ntchito yaluso, koma imadalira pulogalamu ya Doors CS kukhala mu kakyuleta iliyonse, ndipo sukuluyi imafufuta memory yonse mayeso akayandikira. Lachitatu tinaisiya.

Tinasankha kuti kakyuleta iliyonse ikhale ndi chingwe chakechake chopita ku Arduino Mega 2560, kabolodi kakang'ono ka magetsi komwe timakalembera pulogalamu, iziganiza kuti ikuyankhula ndi kompyuta basi. Mega ili ndi mapini 54, ife tafuna 24, awiri pa kakyuleta, ndi ground imodzi ya onse. Lamulo lomwe silisweka pa pulogalamu yake ndi ili: pini isakankhe magetsi. Pokoka waya muyike OUTPUT ndi LOW, potaya muibweze ku INPUT. Mukalemba HIGH pomwe kakyuleta ikukokera pansi, ziwirizo zimalimbana ndipo kabowo kakhoza kupsa. Resistor ya 330 ohm pa waya uliwonse imachepetsa ngoziyo.

Phukusi la TI ndi losavuta: byte yonena amene akuyankhula, 0x23 ngati ndi kompyuta ndi 0x73 ngati ndi kakyuleta, byte ya lamulo, ma byte awiri a kutalika, uthengawo, kenako checksum ya ma byte awiri, nambala yotsimikizira kuti uthenga wafika bwinobwino. Kakyuleta ikayankha 0x56 yalandira, ikayankha 0x5A checksum yalakwika, tumizaninso. Chotchinga china ndi RAM, memory yogwirira ntchito. Mega ili ndi 8 KB chabe pomwe kakyuleta imasunga zofika 24 KB, ndiye fayilo imachokera pa laputopu pang'onopang'ono kudzera pa USB. Lachinayi lonse linathera apa.

Za Lachisanu zinali za manja. Mapulagi wamba a 2.5 mm ali ndi pulasitiki yonenepa, salowa mpaka kumapeto, ndipo pulagi yolowa theka imagunditsa zigawo zosayenera. Tinasema pulasitikiyo ndi kampeni mpaka pulagi ikumveka kuti thi. Mitundu ya mawaya a m'zingwe zogula musaikhulupirire, yezani ndi multimeter, chida choyezera magetsi, chifukwa mukasinthanitsa kansonga ndi kamphete ma 0 onse amasanduka ma 1. Yezaninso magetsi a pa waya. Mega imafuna pafupifupi 3 V kuti iwerenge 1, ndiye kakyuleta yopereka 3.3 V ili m'mphepete kale, mabatire ake anayi a AAA akafooka imayamba kudumpha ma bit.

Kakyuleta imalandira yokha ikakhala pa sikirini yoyambira, koma imadzithimitsa pakatha mphindi pafupifupi 5 osaikhudza. Poyamba imodzi yozimayo inkaimitsa mzere wonse. Tsopano Mega imadikira masekondi 2, ikapanda kuyankhidwa imayatsa kanyali kofiira pa nambala ya chingwecho n'kupita kwa yotsatira. Chatsala ndi njira yobwerera, yoti mayankho a ophunzira azichoka m'makakyuleta kupita pa laputopu ya aphunzitsi.