Moto wambiri supsetsa, umapsereza

Dzulo ndinadya mpunga wophika ndekha, woyoyoka bwinobwino, ndipo nditasuzumira pansi pa poto munalibe nkhoko yakuda. Ndinajambula chithunzi. Amene munakula mukuphika sekani, palibe vuto. Ine poto ndamugwira ndili wamkulu kale, nditayamba kukhala ndekha, ndipo miyezi itatu yapitayi ndaona zakuda, zakuda zenizeni za pansi pa poto. Ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale mmene zimawawira.

Ndiyambe ndi ndalama zimene ndinataya, chifukwa mpaka pano zimandinyansa. Sabata yoyamba ndinakagula katundu ngati munthu amene akutsegula malo odyera. Mapoto asanu olowetsana, onyezimira ngati galasi. Mipeni 6 yokhala ndi kabokosi kake. Timabotolo 12 ta zokometsera, tina sindidziwa n'komwe katchulidwe ka mayina ake. Mapoto aja kuwala kokha, pansi pake ndi popyapyala ngati chitini. Poto wopyapyala amatentha malo amodzi pomwe pakhudza moto, ndiye chakudya chimapserera pakatikati, m'mbali musanafunde n'komwe. Awiri ndinawapsereza mwezi woyamba womwewo. Zimene ndimagwiritsa ntchito masiku onse ndi poto mmodzi wokhuthala pansi wokhala ndi chivundikiro chokwana bwino, chiwaya chimodzi, mpeni umodzi wakuthwa, thabwa lodulirapo, supuni yamtengo ndi kapu. Basi. Mchere, mafuta ophikira, anyezi, tomato, adyo, mazira, mpunga. Timabotolo tija tili pashelefu, tikudikira tsiku lotaya.

Koma chimene chinandipsetsa mtima kwambiri si ndalama. Ndi Loweruka lina limene linandithera m'khitchini chifukwa cha bodza la "mphindi 30".

Ndinaitana achemwali anga ndi alamu kuti adzadye nkhomaliro. Ndinali nditaonera kavidiyo ka pa intaneti, nkhuku ya msuzi ndi mpunga, pamwamba atalemba kuti zonse zitha m'mphindi 30. Munthu wake akumwetulira, khitchini ili mbee, chilichonse chikungolowa m'poto mokongola. Chimene sakuuzani n'chakuti anyezi uja anadulidwa kale, adyo anasendedwa kale, nkhuku inaduladulidwa kale, zonse zili m'timbale tikungodikira. Mphindi 30 zawozo amayamba kuwerenga pamene ntchito yatha kale. Ine sindinadziwe. Ndinatereka chiwaya, n'kuthira mafuta, n'kutsegula moto mpaka kumapeto, kenako ndi pamene ndinayamba kusenda anyezi. Munthu wosazolowera mpeni anyezi mmodzi amamudula mphindi 5, misozi ili chuchuchu. Potembenuka, utsi uli tolo. Ndinaponyamo adyo mwamantha, ndipo ndisanapeze supuni anali atada bii. Adyo wopserera amawawa, ndipo kuwawa kwake kumalowerera m'mafuta onse, sikutuluka. Ndinataya, n'kutsuka chiwaya, n'kuyambiranso.

Ulendo wachiwiri ndinakhuthulira nkhuku yonse m'chiwaya nthawi imodzi, ili yonyowa chifukwa ndinali nditaitsuka. M'malo mofiira ngati ya pa kavidiyo, inatulutsa madzi n'kuyamba kubwata, n'kutuwa ngati yadwala. Uku mpunga uli pamoto waukulu. Ndinkavundukula mphindi iliyonse, kutakasa, kuvundikira, kuvundukulanso. Madzi anaphwa, pansi panayamba kununkha, pamwamba mpunga uli gwa. Ndinathiramo madzi ena. Kenako ena. Unasanduka phala lonunkha utsi, koma ukaluma pakati pa njere pali pagwabe. Mpaka lero sindimvetsa kuti chinthu chimodzi chingakhale bwanji chopserera, chosapsa komanso chaphala nthawi imodzi.

Achemwali anafika mawindo onse ali otsegula, ine ndangoti kakasi ndi supuni m'manja. Sanapereke n'komwe moni. Anayang'ana chitofu n'kunena kuti, "Iwe, moto wonsewu ukuthamangitsa ndani?"

"Achemwali, ndimati zipse msanga."

"Moto wambiri supsetsa, umapsereza. Tachepetsa."

Tinadya buledi ndi mazira cha m'ma 4 koloko. Alamu ankayesetsa kusaseka, zomwe zinandiwawa kuposa akanangoseka.

Mawu a achemwali aja ndinawatenga ngati zonena za akuluakulu, koma pambuyo pake ndinapeza kuti ali ndi chifukwa chake. Madzi akafika pa madigiri 100 sapitirira pamenepo. Kaya akubwata pang'onopang'ono kaya akudumpha mpaka kugwetsa chivundikiro, kutentha kwake ndi komweko. Ndiye ukakweza moto chakudya sichipsa msanga, umangouma madzi msanga, n'kusiya pansi pa poto pouma. Chepetsani moto. Zinthu zikangowira, chepetsani. Ndipo ngati chitofu chanu ndi chamagetsi, dziwani kuti mbale yake siizizira pompo, imasunga kutentha kwa mphindi zingapo mutatsitsa kale. Zikafika poipa, phulani poto, muike pambali. Cha gasi chimamvera nthawi yomweyo.

Za nkhuku yotuwa ija nazonso ndi nkhani ya madzi omwewo. Kufiira kokoma kwa nyama yokazinga kumayamba kutentha kukafika cha m'ma madigiri 140, ndipo malinga ngati pachiwaya pali madzi, simungafikepo. Choncho pukutani nyama iume, muike zidutswa zochepa kuti pakhale mipata, ndipo muzisiye osazigwiragwira. Nyama ikafiira imamatuka yokha pachiwaya. Ikamakakamira ndiye kuti nthawi yake sinakwane. Kukazinga kawiri, theka ndi theka, kumafulumira kusiyana ndi kuunjika yonse.

Ndisanaiwale, nkhuku yaiwisi musamaitsuke pampopi. Izi zinandivuta kuvomereza, chifukwa kutsuka kumaoneka ngati ukhondo. Koma madzi othovoka amamwaza tizilombo monga Salmonella ndi Campylobacter pasinki, pa mbale ndi pa chilichonse chili pafupi. Chimene chimapha tizilombo ndi moto, nyama ikatentha kufika madigiri 74 mkati mwake. Ine ndilibe kachida koyezera, ndiye ndimacheka chidutswa chachikulu pafupi ndi fupa n'kuona ngati mulibe kufiira ndiponso ngati madzi otuluka ali oyera. Thabwa ndi mpeni zimene zakhudza nyama yaiwisi muzitsuke ndi sopo musanadulirepo china, makamaka chimene mudye chosaphika. Manjanso.

Pambuyo pa Loweruka lija ndinasiya zofuna kudabwitsa anthu. Ndinabwerera ku dzira. Sabata yathunthu ndinkangophika mazira, ndipo sindichita nazo manyazi. Dzira limakuphunzitsa moto mwachangu chifukwa silibisa kanthu: moto ukachuluka m'mbali mumauma ngati pepala, pamwamba pali madzi. Lowiritsa ndimaliika m'madzi owira kale n'kuwerenga pa foni, mphindi 7 ngati ndikufuna pakati pofewa, 10 mpaka 12 ngati ndikufuna louma, kenako m'madzi ozizira kuti lisapitirire kupsa. Foni imeneyo ndi imene yandipulumutsa. Mphuno imakuuza zinthu zitaonongeka kale.

Mpunga ndimachita chonchi. Kapu imodzi ya mpunga woyera, kuutsuka mpaka madzi asiye kuoneka ngati mkaka. Madzi makapu awiri, kapena kuchepera pang'ono, poyeza ndi kapu yomweyo, osati ina. Kamchere. Ukangowira, moto pansi penipeni, chivundikiro, mphindi 15 mpaka 18. Osavundukula. Osatakasa. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, langa limayabwabe, koma nthunzi imene mukuitulutsayo ndi imene ikuphika mpunga wa pamwamba, ndipo kutakasa kumaphwanya njere n'kuzimatanitsa. Mukazimitsa moto muusiye chivundikirire mphindi zina 10. Mitundu ya mpunga imasiyana kamwedwe ka madzi, wabulauni umatenga mphindi 40 kapena kuposa, ndiye gulani mtundu umodzi womwewo kwa mwezi wathunthu mpaka muuzolowere. Ine ndinkasinthasintha n'kumadabwa kuti bwanji zadzulo sizikutheka lero.

Chinthu china chimene ndinaphunzira, chomwe ndikanakonda wina akanandiuza tsiku loyamba, ndi msuzi wa anyezi ndi tomato. Ukaudziwa umenewu wadziwa theka la kuphika, chifukwa umalandira chilichonse: mazira, nyemba, nkhuku, nsomba, masamba. Apanso mavidiyo amanama. Amati kazingani anyezi mphindi ziwiri. Anyezi safewa m'mphindi ziwiri, amafuna 8 kapena 10 pamoto wapakati, mpaka aoneke ngati akuwala. Adyo amalowa pambuyo, theka la mphindi basi, fungo likangotuluka thirani tomato. Tomato naye mumusiye aphwanyike mpaka madzi ake achepe, mafuta ayambe kuonekera m'mbali. Zimatenga mwina mphindi 15, ndipo palibe njira yachidule. Ndinayesa kukweza moto. Mukudziwa kale zimene zinachitika.

Ndipo zonsezi dulani moto musanayatse. Anyezi m'kambale, adyo pakona ya thabwa, tomato m'mbale yake, mchere pafupi, chivundikiro pafupi. Ndinkaona ngati n'kuchulukitsa mbale zotsuka, koma kutsuka timbale titatu n'kosavuta kusiyana ndi kupala poto wopserera. Pansi pa thabwa yalani kansalu konyowa kuti lisamaterereke. Mpeni ukhale wakuthwa, chifukwa wobuntha ndi umene umatsetsereka pa khungu la tomato n'kukapeza chala. Chipsera ndili nacho pa chala chamkombaphala.

Mchere unandizunza mwanjira ziwiri. Poyamba ndinkauopa, chakudya n'kumakhala chozizira ngati cha wodwala. Kenako ndinalimba mtima mopitirira, tsiku lina msuzi unawawa osadyeka. Wina anandiuza kuti ndiponyemo mbatata imwe mchere. Mbatata inapsa, msuzi uli chiwawire. Chimene chimathandiza ndi kuchulukitsa zinazo, madzi pang'ono kapena tomato wina wopanda mchere. Tsopano ndimathira pang'ono, kulawa, kuthira pang'ono, kulawa. Lawani, anthuni. Mwezi woyamba wonse ndinkaphika osalawa, ngati kuti kulawa n'kuba. Nthawi zina umamva kuti chinachake chikusowa koma mchere wakolera. Apo yesani madontho angapo a ndimu.

Ndakumbuka za moto wa mafuta, ndipo izi si zoseka. Madzulo ena ndinatereka mafuta n'kukayankha foni kuchipinda. Pobwerera chiwaya chili lawilawi. Dzanja linathamangira kapu ya madzi, koma mwamwayi chivundikiro chinali pafupi kuposa mpopi. Madzi pa mafuta oyaka amamira pansi, n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo, n'kumwaza mafuta amoto m'mwamba ndi kumaso. Zimitsani chitofu, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, musanyamule chiwaya, ndipo musavundukule mpaka chizizire. Chiyambire tsiku limenelo, mafuta akakhala pamoto sindichoka m'khitchini, kaya aimbe ndani.

Pali malo amodzi pomwe langizo langa lochepetsa moto siligwira ntchito poyambirira. Nyemba zouma, makamaka zofiira zikuluzikulu zija, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa zikapanda kupsa bwino. Ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, thirani atsopano, ndipo zibwate mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Zikatero ndiye chepetsani moto zizipsa pang'onopang'ono mpaka zifewe. Tomato muthire zitafewa kale, chifukwa zowawasa zimachedwetsa nyemba kufewa. Ndinadikirapo maola atatu nyemba zili gwa chifukwa cha zimenezi.

Za chakudya chotsala ndinaphunzira ndi mimba yanga. Ndinasiya mpunga m'poto usiku wonse kukutentha, m'mawa n'kuutenthetsa bwinobwino, ndikuganiza kuti moto upha zonse. Mumpunga mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, kamene njere zake sizifa ndi kuwiritsa. Mpunga ukakhalitsa pofunda kamaswana n'kutulutsa poizoni amene safa ngakhale utenthetsenso. Tsiku limenelo sindinapite kuntchito. Chakudya chophika chilowe m'firiji pasanathe maola awiri, mpunga msanga kuposa apo, muuyale m'mbale yotakata kuti uzizire mwachangu. Firiji ikhale pa madigiri 5 kapena kutsika.

Mapoto awiri opserera aja, mmodzi ndinamupulumutsa. Madzi, masupuni awiri a soda, kuwiritsa pamoto wochepa kwa mphindi 15, kusiya azizire, nkhoko n'kumatuka yokha. Winayo anapindika pansi, ndimasungiramo anyezi.

Chimene chimandikwiyitsabe ndi chija cha mphindi 30. Tsopano ndikaona nthawi yolembedwa pa malangizo ophikira ndimaiwirikiza kawiri, ndipo ndimawerenga malangizo onse mpaka kumapeto ndisanagwire mpeni, chifukwa ena amabisa "viikani usiku wonse" pamzere wachisanu. Chakudya chatsopano sindichiyesera pa alendo. Ndimachiphika ndekha katatu kaye.

Achemwali ndi alamu akubweranso Loweruka likudzali. Nkhuku ya msuzi ndi mpunga, yomwe ija. Ndawauza kuti afike 1 koloko, ine ndiyamba kudula anyezi 10 koloko. Achemwali afunsa pa foni ngati abwere ndi chakudya chawo, ndawayankha kuti ayi, asavutike. Koma buledi ndi mazira ndagula kale.