Dressing down yanga ya ku Leicester

Abale, chizungu cha MSCE ndi china, cha kuno ku Leicester, ku England, ndi chinanso. Ine ndaziona ndi maso angawa.

Ndimagwira ntchito yosamalira agogo, mashifiti ausiku. Tsiku lina cha m'ma 3 koloko njala inandipotokola ndiye ndinati ndikazinge kausipa komwe alamu anandibweretsera kuchokera ku Nkhata Bay, kungotembenuka pang'ono mafuta apsa, utsi tolotolo, alamu ya moto kuyamba kulira nyumba yonse, agogo onse dzambatu, wina mpaka kufunsa ngati nkhondo yayambiranso. Kutacha mnzanga wina wachizungu anandinong'oneza kuti "mate, she'll give you a proper dressing down tomorrow."

Ine mumtima ndinati koma bwana wathuyu ndi munthu wabwino bwanji. Pajatu dress down ndimaidziwa, ija ya Lachisanu anthu amapita ku ofesi atavala motakasuka. Mawa lake ndinatchena jezi yanga yofiira ya Flames, kabudula, patapata, mu January mmene kumazizirira muja kochita kuluma makutu. Ndinalowa mu ofesi ndikumwetulira ngati mkwati.

Mayi aja anandiyang'ana kuyambira ku patapata mpaka kumutu. Kenako anayambapo. Mphindi 20 zathunthu osameza ndi malovu omwe, za usipa, za utsi, za kabudulayo, ine chilili mawondo akuombana, kaya anali mantha kaya chisanu.

Potuluka ndinapeza anzanga akugubuduka ndi phwete. Wina akuti "she wiped the floor with you", ine kuyang'ana pansi, pouma bwinobwino. Wina akuti andikoka "over the coals", makala ake ati poti nyumba yonse amaphikira magetsi? Wachitatu akuti andiwerengera "the riot act". Imeneyo ndinakaifufuza pafoni ndili m'basi, kani linali lamulo lenileni la mu 1714, anthu 12 kapena kuposa akamachita chipolowe ankawawerengera mawu ake, n'kuwapatsa ola limodzi kuti abalalike. Ine ndinali ndekhandekha, ndipo kubalalikako sanandilole.

Mnzanga uja anaonjeza kuti akanakhala bambo ake akanandipatsa "a good hiding". Ndinati zikomo kwambiri, malo obisala ndi amene ndikuwafunadi panopa. Osadziwa kuti hide winayu ndi chikopa, akunena zokukuntha mpaka khungu kusupuka.

Madzulo ndinawaimbira mayi pa WhatsApp kuwafotokozera zonse. Anaseka mpaka kutsokomola, amvekere "mwana wanga, ndiye kuti anakusambitsa chokwezatu." Ndinati ehee, nane mawa ndikawaonetsa kuti kwathunso tili nazo. Ndinamumasulira mnzanga uja liwu ndi liwu. Anasiya kumwa tiyi, kundiyang'anitsitsa, kenako kundifunsa motsitsa mawu ngati bwana anandisambitsadi, akuti zimenezo n'zofunika kukanena ku HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, lero lomwe.