Lachitatu: nsima inazizira tikukangana za nkhondo

M'mawa kunalibe zambiri, malisiti ndi mafoni basi. Kunatentha ndi pa nkhomaliro. Achimwene ena a ku ofesi kwathu, okonda nkhani za asilikali, anati dziko likaonongeredwa makompyuta ndi dziko lina liyenera kubwezera ndi mabomba.

Mfundo yawo ndi yolemera, sindikana. Anakumbutsa za pa 23 Disembala 2015, pomwe akathyali a pa intaneti anathimitsa magetsi kumadzulo kwa Ukraine, anthu pafupifupi 230,000 n'kukhala mumdima nyengo yozizira koopsa. Anatchulanso Stuxnet, pulogalamu yoononga ya pa kompyuta yomwe inadziwika mu 2010 itaononga makina oyengera uranium ku Natanz m'dziko la Iran. "Ikanakhala ndege yachita zimenezi bwenzi mukuti nkhondo," anatero. "Nanga poti ndi kompyuta, chasintha n'chiyani?" Ngakhale NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, inagwirizana mu 2014 ku Wales kuti chiwembu chotere chikakula chingathe kuyambitsa Article 5, lamulo loti woputa mmodzi waputa onse.

Ine ndinangowafunsa kuti, "Achimwene, bombalo mukaliponya kwa yani?"

Apa m'pamene mtima wanga sukhazikika. Ndege imaoneka kumene yachokera, koma mbava ya pa intaneti imadutsira m'makompyuta a anthu osalakwa a m'mayiko angapo, ndipo imatha kusiya dala mapazi a munthu wina. Pa masewera a Olympics a 2018 ku Pyeongchang m'dziko la South Korea, pulogalamu yomwe inasokoneza makompyuta tsiku lotsegulira inali ndi zizindikiro zoloza ku North Korea. Mu 2020 America ndi Britain anadzaloza chala akazitape a asilikali a Russia. Tangoganizani South Korea ikanapsa mtima sabata yomweyo n'kuombera mnansi wake wokhala ndi zida za nyukiliya.

Kwathu kuno tinalawako. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta opangira mapasipoti alowedwa ndi akathyali ofuna dipo. Anthu anavutika zedi, maulendo anaima. Koma pamenepo pankafunika akatswiri a makompyuta ndi apolisi, chifukwa panalibe malire oti asilikali akalondere.

Achimwene aja anabweretsa za Israel, yomwe mu Meyi 2019 inaphulitsa nyumba ku Gaza ponena kuti m'menemo ndi momwe a Hamas ankakonzera ziwembu za pa intaneti. Ndinawayankha kuti kumeneko mizinga inali ikulira kale, ndipo ndikuopa tsiku lomwe dziko lina lidzatengere chitsanzo chimenechi pa nthawi ya mtendere. Kompyuta imakonzeka, koma mwana wa nyumba yoyandikana nayo akafa wapita. Chiwembu chikapha anthu, mwina potsegula damu kapena kuthimitsa makina a m'chipatala, umboni wa wochita n'kukhala woti ena angaupime, pamenepo ndivomera kuti Article 51 ya United Nations yolola kudziteteza igwire ntchito. Zosafika apo, ayi.

Madzulo ndawatumizira pa WhatsApp nkhani ya Albania, yomwe ndinaiwala masana. Dziko limeneli, membala wa NATO, linaonongeredwa makompyuta a boma mu Julaye 2022. Linafufuza mothandizidwa ndi America ndi Microsoft n'kupeza kuti Iran ndiyo inachita zimenezi, ndipo pa 7 Sepitembala nduna yaikulu Edi Rama inathetsa ubale ndi Iran n'kupatsa ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe maola 24 kuti achoke. Andiyankha kuti tipitiriza mawa.