Lachinayi ku Bucharest: agogo aja ndi ochean wawo

Lero kunacha kwa mitambo, ndiye ku nyumba yoonerako nyenyezi ya Amiral Vasile Urseanu, pa msewu wa Lascăr Catargiu, ndinangopita kukaona zida. Nyumbayi anaimanga ndi ndalama zake mkulu wa asilikali a pamadzi, Urseanu, ndipo inatha mu 1910. Pansi pa denga lake lozungulira pakadali chida choonera nyenyezi cha kampani ya Zeiss, galasi lake lotambalala mamilimita 150.

Kutsogolo kwanga kunali agogo ena ndi kamdzukulu kawo. Analoza chidacho nkuti, "ochean." Mnyamata wotionetsa malo anawauza mwaulemu kuti chimenecho ndi lunetă, poti kuwala kumadutsa m'magalasi, pomwe telescop weniweni ndi uja wa kalilole mkati. Agogowo anavomera ndi mutu, koma potsika masitepe ankanenabe ochean.

Ine ndili kumbali yawo. Ochean anachokera ku liwu la Chitaliyana lakuti occhiale, Aromaniya nkulipinda pakamwa kuti lifanane ndi ochi, diso, lomwenso kholo lake ndi oculus wa Chilatini. Occhiale ameneyu ndi dzina lomwe Galileo mwiniwake ankatchula chida chimene anakonza mu 1609, atamva za cha Hans Lipperhey wa ku Middelburg, yemwe anachionetsa mu 1608. Dzina lakuti telesikopu linabwera mochedwa, mu 1611, pa phwando la bungwe la Accademia dei Lincei ku Rome, pomwe Mgiriki Giovanni Demisiani analumikiza tele, kutali, ndi skopein, kuyang'ana. Anthu ophunzira analikonda, la Galileo lija nkutsalira m'mbuyo. Kuno lero ochean amamveka ngati mawu a amalinyero akale, pomwe ndi amene ali pafupi ndi chiyambi.

Lunetă nayenso si wakuno. Ndi lunette wa Chifalansa, kamwezi, chifukwa galasilo ndi lobulungira, ndipo ali m'gulu la mawu ambirimbiri amene Aromaniya anatola ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1800. Sanavutike kumulandira, poti lună anali naye kale, wa kumwamba ndi wa pa kalendala yemwe, monga mwezi wathu.

Madzulo ndinapeza aneba akutukwana pafupi ndi galimoto yawo ya Dacia: ana osewera mpira aswa lunetă. Ndinazunguzika kaye, mpaka anandilozera galasi lakumbuyo litang'aluka. Akuti galasi loonera patali la pa mfuti nalonso dzina lake ndi lomwelo, ndipo msilikali wowombera ali patali amatchedwa lunetist. Mawa m'mawa ndawalonjeza kuwaperekeza kogula lina.