Ndinkangofuna kutsitsa galimoto, koma sipuling'i inandibweza m'kalasi

Kwa masabata atatu tsopano ndakhala ndikuwerenga za masipuling'i otsitsira galimoto. Saluni yanga imakankha ndi mawilo akumbuyo, ndipo mpata umene uli pakati pa tayala ndi bodi unkandisowetsa mtendere ndikaiyang'ana cham'mbali. Poyamba funso linali limodzi basi: itsike mamilimita angati? Ndinalemba m'kope mayina a Eibach ndi H&R, makampani a ku Germany onse awiri, n'kuyamba kufananitsa manambala. Masipuling'i ambiri opangidwira msewu wa tsiku ndi tsiku amatsitsa galimoto ndi mamilimita apakati pa 25 ndi 40. Ine mtima unali pa 40.

Maganizo anasintha tsiku limene ndinapinda chiwongolero mpaka kumapeto, n'kugwada pambali pa wilo lakutsogolo tochi ili m'manja. Nditakankhira m'mwamba labala lotchinga fumbi pa shock (chipangizo choletsa galimoto kudumphadumpha), ndinaona kachinthu kachikasu kofewa kamene amakaniko amati bump stop. Ntchito yake ndi kulandira nkhonya wilo likakankhidwa mpaka kumapeto, kuti zitsulo zisagundane. Mpata wotsala kuti kagundidwe unali waung'ono kuposa mmene ndinkaganizira, zala zochepa chabe. Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa kuti milimita iliyonse imene ndingatsitse ikuchotsedwa pampata womwewo. Ukaumaliza, galimoto imayamba kuyenda itakhalira bump stop, ndipo dzenje lililonse umalimva mumsana.

N'chifukwa chake sipuling'i yotsitsa imayenera kukhala yolimbirako kuposa yobwera ndi galimoto. Lamulo lake ndi lakale, Robert Hooke analisindikiza mu 1678: kufinyika kwa sipuling'i kumayendera limodzi ndi mphamvu imene ikuifinya. Kulimbako amakulemba mu N/mm kapena kg/mm, kutanthauza mphamvu yofunika kuti ifinyike ndi milimita imodzi, ndipo 1 kg/mm ndi pafupifupi 9.8 N/mm. Pali masipuling'i a linear, olimba mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi a progressive, amene amayamba mofewa n'kumalimba akamafinyika. A progressive ambiri amadziwika ndi maso, chifukwa mikombero ina imakhala yothithikana mbali imodzi. Izi sizinandivute.

Chimene chinanditengera mausiku awiri ndi nambala za kumbuyo. Ndinkadabwa kuona masipuling'i akumbuyo a masaluni ena ali ndi nambala yaikulu kwambiri kuposa akutsogolo, pomwe injini ili kutsogolo. Ndinkayesa kuti alakwitsa polemba. Yankho linali pamalo pomwe sipuling'iyo imakhala. Kutsogolo, pa MacPherson strut (pomwe imamangidwa mozungulira shock), imakhala pafupi ndi wilo, ndiye wilo likakwera nayonso imafinyika pafupifupi mofanana. Kumbuyo, pa magalimoto ambiri otere, imakhala cham'kati pamkono wapansi, kutali ndi wilo. Tiyerekeze kuti wilo likakwera mamilimita 10, sipuling'i ikufinyika 7 okha. Gawo limeneli, 0.7, umalichulukitsa ndi lokha n'kupeza 0.49. Ndiye kuti sipuling'i ya 100 N/mm, wilo limaimva ngati ya 49. Nditawerengera ndekha papepala, nambala zonse zija zinakhala m'malo mwake, ndipo ndinasiya kuyerekeza masipuling'i a magalimoto osiyana ngati kuti ndi chinthu chimodzi.

Nkhani ya kumbuyoyi ndiyo yandigwira mtima kwambiri, chifukwa matayala akumbuyo a galimoto yotere ali ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi: kukankha galimoto ndi kuigwira kuti isaterereke pokhota. Ukalimbitsa kumbuyo mopitirira poyerekeza ndi kutsogolo, kumbuyoko kumafulumira kutaya msewu ukaponda mafuta potuluka pakona, makamaka kukagwa mvula. Ukalimbitsa kutsogolo kokha, galimoto imakana kukhota, imangofuna kupita molunjika. Kale ndinkaona ngati palibe vuto kugula awiri akutsogolo kwa kampani ina, awiri akumbuyo kwa ina. Pano sindingayerekeze n'komwe. Anayi aja amawapangira limodzi.

Palinso kupendekeka kwa mawilo. Galimoto imene wilo lililonse lakumbuyo limayenda palokha ikatsika, mawilowo amapendekera m'kati cha kumtunda. Imeneyi ndiyo negative camber. Yochepa imathandiza pakona, koma ikachuluka, makamaka toe (kuloza kwa mawilo m'kati kapena kunja ukawayang'ana kuchokera pamwamba) ikasokonekeranso, tayala limadyeka m'mphepete mwa m'kati pomwe kunja likuoneka latsopano. Munthu sungaone msanga pokhapokha utalowetsa dzanja n'kusisita. Magalimoto ena sakhala ndi posinthira camber yakumbuyo, choncho ukatsitsa kwambiri umafunikanso mikono ina yotha kusintha. Saluni zakale zokhala ndi ekiselo imodzi kumbuyo zili ndi vuto lawolawo: ngati zili ndi Panhard rod (chitsulo chopingasa cholumikiza ekiselo ku bodi), ekiseloyo imasunthira mbali imodzi galimoto ikatsika.

Za ma shock ndinkazizemba dala, chifukwa ndinkadziwa kuti zikulitsa ntchito. Koma sipuling'i yolimba imabwerera ndi mphamvu, ndipo shock yotopa singaigwire. Galimoto imangodumphadumpha ikadutsa pachitunda. Shock yobwera ndi galimoto inapangidwira msinkhu wakale, ndiye ikamagwira ntchito itafinyika nthawi zonse imatha msanga. Kampani ya ma shock ya Bilstein ili ndi mtundu wa B8 wopangidwira magalimoto otsitsidwa, wofupikirako, kuti sipuling'i yaifupi isagwedere wilo likalendewera. Ma shock anga ayenda mtunda wautali, ndipo ndavomereza kuti apita limodzi ndi masipuling'i akale.

Kanthu kena kamene ndikanakaphonya: galimoto ya dzina limodzi imatha kukhala ndi masipuling'i osiyana malinga ndi kulemera kwa injini. Ya masilinda 6 kapena ya dizilo imalemera kutsogolo kuposa ya petulo ya masilinda 4. Ukatenga olakwika, mphuno imagwa kwambiri kapena imatsala m'mwamba. Kulemera kololedwa pa ekiselo iliyonse kumalembedwa pakachikwangwani ka galimoto, kawirikawiri pachipilala cha chitseko, ndipo ndinakopera manambalawo m'kope.

Pakali pano ndasankha kutsitsa ndi mamilimita pafupifupi 30, osati 40, pamodzi ndi ma shock oyenerana nawo. Kumanga ndisiyira makaniko wokhala ndi chofinyira masipuling'i chodalirika, chifukwa sipuling'i yofinyidwa ikapulumuka imatha kuvulaza munthu koopsa. Ndidzapempha kuti mabawuti a mabushi adzamangidwe galimoto itakhala pa kulemera kwake, osati ili lende pa jeke, kuti labala lisakhale lopotoka. Alayimenti idzabwera masipuling'i atakhazikika, ndipo magetsi akutsogolo adzafunika kuwaonanso kuti asamaunike molakwika.

Dzulo ndinaimika galimoto pamalo osalala, n'kuyeza ndi tepi kuchokera pakati pa wilo lililonse kufika m'mphepete mwa bodi. Manambala anayiwo ndawalemba patsamba lomaliza la kope, ndipo pambali pake ndasiya mpata wodzalembapo atsopano.